Pokwera Phiri, Wamng'ono Atsogole

Kuno ku Mushili, mumzinda wa Ndola, mapiri aakulu kulibe. Ana ambiri amaphunzira kukwera pa culu ca ciswe. Ena amaona phiri lenileni pa holide, akapita kwa agogo ku Chipata. Kumeneko kuli phiri la Kanjala.

Makolo ena amati, "Mwana asakwere phiri, adzagwa." Ine ndikuganiza mosiyana. Ana ayenera kukwera mapiri. Miyendo yao imalimba, ndipo amaona dziko lao ali pamwamba. Koma pali lamulo limodzi: wamng'ono ndiye azitsogola.

Lamuloli ndinaliphunzira nditalakwitsa. Tsiku lina ndinakwera Kanjala ndi ana anayi a mlongo wanga. Aakulu anathamanga, inenso ndinawatsatira. Titafika pakati pa phiri, ndinaceuka. Kamtsikana ka zaka 6 sikanaoneke! Mtima wanga unagunda kwambiri. Ndinabwerera ndikuitana. Ndinakapeza katakhala pamwala, kakulira.

"Amalume, nalema! Mwanisiya neka," kanatero.

Wolakwa sanali mwanayo. Wolakwa ndinali ine.

Mawa lace tinabwereranso. Ulendo uno kamtsikanako kanayenda patsogolo. Kakaima, tonse tinaima. Kanationetsa mzere wa nyerere ndi birimankhwe pa nthambi. Dzulo lace sitinaone zimenezi cifukwa ca liwiro. Tinafika pamwamba mocedwa, koma tinafika tonse. Tinaona nyumba za mu Chipata zili ting'onoting'ono pansi pathu.

N'cifukwa ciani wamng'ono ayenera kutsogola? Miyendo yace ndi yaifupi. Wamkulu akaponda kamodzi, iye amaponda kawiri. Amamva ludzu msanga. Akakhala kumbuyo, palibe amene amamuona akagwa. Akakhala patsogolo, maso onse ali pa iye.

Wina anganene kuti, "Nanga tikalephera kufika pamwamba?" Palibe kanthu. Phiri silithawa. Akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nthawi yabwino yokwera ndi m'miyezi yozizira, kuyambira May mpaka July. Nyamukani m'mawa dzuwa lisanatenthe. Tengani madzi, nthoci kapena mbatata yophika. Valani nsapato ndi cipewa. M'nyengo ya mvula miyala imaterera, ndipo pamwamba pa phiri pamaopsa cifukwa ca mphezi. Musapite nokha popanda munthu wamkulu.

Dziwaninso kuti si mulu uliwonse umene uli phiri. Ku Kitwe kuli mulu wakuda wochedwa Black Mountain. Umenewo ndi zotsala za miyala imene anasungunula pocotsa kopa. Mu 2018 mbali ina ya muluwo inagumuka, ndipo anthu anafa. Milu ya kumigodi si malo osewerera.

Tsono inu ana, mukadzapita kuphiri, yang'anani amene ali wamng'ono pakati panu. Muuzeni kuti, "Iwe pita patsogolo, ife tikutsatira."

Mafunso

1. Kodi mlembi analakwitsa ciani pa phiri la Kanjala?
2. Chulani zifukwa ziwiri zimene wamng'ono ayenera kutsogolera.
3. N'cifukwa ciani Black Mountain si malo osewerera?
4. Kodi mukugwirizana ndi mlembi? Kambiranani ndi mnzanu.