Mphatso yosamasula mfundo ya chitenje cha amayi

Sabata yomaliza Khrisimasi isanafike, msika wa Chinakanaka umadzaza mpaka kusefukira m'mphepete mwa msewu wopita ku boma la Mulanje. Mabelo a kaunjika amatsegulidwa m'mamawa, nkhuku zomangidwa miyendo zimalira pa makaliyala a njinga, ndipo mpunga, mafuta ophikira ndi zinanazi zimayenda malonda. Zambiri mwa zogulidwazo ndi za ana: diresi, kabudula, nsapato zoti akaonekere nazo kutchalitchi. Mwambo wa kumudzi ndi umenewo, kholo ndiye limagulira mwana. Zoti mwana nayenso apatse kholo lake mphatso ndi zobwera posachedwapa, kudzera m'mawailesi, m'mipingo ndi m'chikondwerero cha Tsiku la Anakubala pa 15 October.

Chizolowezichi n'chabwino, koma chili ndi chinsinsi chimene ambiri sachitchula. Pakhomo pamene pali makolo awiri, bambo amam'patsira mwana ndalama kuseri, mwanayo n'kukagula chitenje, mayi n'kulandira ngati sakudziwa kanthu. Nanga pakhomo pa mayi amene akulera yekha ana? Ndalama yogulira mphatsoyo ichokera pa mfundo ya chitenje cha mayi yemweyo, ndiye kuti wadzigulira yekha, mwinanso ndi ndalama ya ndiwo. Pakhomo lotere, mphatso yokhayo imene ilidi yochokera kwa mwana ndi imene wapanga ndi manja ake.

Makomo otere si ochepa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti pafupifupi mabanja atatu mwa khumi aliwonse m'Malawi mutu wake ndi mayi. Ku Mulanje zifukwa zake n'zodziwika. Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja amatsata chikamwini, kotero ukwati ukatha mwamuna amanyamula chikwama chake, ana n'kutsala ndi mayi pa malo a kuchikazi. Amuna ena adapita ku Joni, monga momwe agogo awo ankapitira pa Wenela ndi Theba. Ena adawoloka pa Muloza kukachita geni ku Milange osabwerako. Edzi idasiya amasiye ambiri m'manja mwa agogo. Ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy, yemwe adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Mulanje n'kusiya mabanja ena ndi kholo limodzi usiku umodzi wokha.

Kuti mwana adziwe chopanga, ayambe waona tsiku la mayi wake mu December. Mvula ikagwa tiyi amaphuka kwambiri, ndipo minda ya tiyi ya m'bomali, monga ya Lujeri ndi Eastern Produce, imalemba anthu ambiri othyola masamba. Mayi amene wapeza mwayiwo amadzuka kusanache, dengu kumsana, podziwa kuti masamba akayezedwa pa sikelo wothyola ambiri ndiye amalandirako zochulukirapo. Amene sali ku esiteti ali pa ganyu kapena pa msika. Onsewo munda wa chimanga ndi nandolo ukuwadikira kuti apalire, chimanga cha chaka chatha chikutha m'nyumba, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sopo, shuga ndi mchere sizidabwererenso pa mitengo yakale. Munthu wotere sasowa maluwa a pepala. Amasowa nthawi, nkhuni zouma ndi tulo.

N'chifukwa chake mphatso yoposa zonse imene mnyamata kapena mtsikana wa zaka 12 kapena 13 angapange siyikutidwa m'pepala konse: kachisakasa kosungiramo nkhuni. Mphanda zinayi, nsungwi zingapo, udzu kapena matumba akale a feteleza pamwamba, kathandala pansi kuti nkhuni zisagone m'matope, basi. Aliyense amene adaphikapo nsima ndi nkhuni zonyowa ku Mulanje, kumene mvula imatha kugwa masiku angapo osaleka, amadziwa misozi ya utsi ndi mpweya umene umathera kuuzira moto. Kachisakasako kakadzazidwa ndi nthambi zouma ndi mapesi a nandolo, mayi amapindula nako mpaka mvula itatha.

Pafupi ndi nkhuni pali mbaula. Chitetezo mbaula, ya dothi lootcha ija, idayambira m'boma lomwelino la Mulanje isanafalikire m'dziko lonse, ndipo mu 2013 boma lidalengeza cholinga choti mbaula zosawononga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020. Imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, imanyamulika, ndipo mvula ikayamba munthu amangoyilowetsa pakhonde. Mwana sangaumbe ndi kuotcha yekha, pakuti dothi limafuna kusankha, kuponda, kuumitsa pamthunzi kwa masabata ndi kuotcha mu uvuni. Koma wachinyamata amene angapite kwa amayi odziwa kuumba m'mudzi, n'kuwathandiza kukumba ndi kuponda dothi, angathe kutulukako ndi mbaula imodzi komanso luso. Chofunika n'kuyamba mu November, chifukwa dothi siliuma msanga mvula ikakhazikika.

Zing'onozing'ono nazo zili ndi malo ake. Mthiko ndi chipande chosemedwa ndi mwana zimagwiridwa kawiri pa tsiku chaka chonse. Tsache, nkhata yosokedwa bwino yosenzera ndowa, kampando kapakhitchini, chisa choti nkhuku iziikiramo: zonsezi ana akumudzi amadziwa kale kupanga, kungoti palibe adawauzapo kuti zingakhale mphatso. Lichero ndi nsengwa n'zovutirapo, zimafuna kukhala pansi ndi agogo aamuna odziwa kusenda nsungwi, ndipo lichero loyamba limatuluka lopendekeka. Lipendekeke! Mpunga wa Khrisimasi upetedwa ndithu. Atelala a pa Chinakanaka nawo m'masabata amenewa amasoka usiku ndi usana, ndipo tizidutswa ta nsalu timangogwa pansi pa makina. Mtsikana akapempha mwaulemu amatola tokwanira kusoka kachikwama kosungira foni ndi chiphaso, kapena kulowetsa m'thumba la feteleza n'kupanga chopondera pakhomo, chimene nyumba iliyonse imachifuna nthawi ya matope.

Mwana amene amadziwa kupinda mawaya n'kutulutsa galimoto yokhala ndi chiwongolero sangalephere kupanga choyanikira mbale kapena chokolowekera makapu. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adali ndi zaka 14 pamene adapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo wake. Si mwana aliyense adzafike pamenepo, koma luso lake ndi lomwelo, loona chosowa pakhomo n'kutola zimene ena ataya.

Palinso mtengo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April, kotero Khrisimasi imagwera kumayambiriro kwa nyengoyi. Mbande ya mapeyala, mango kapena papaya imene mwana wafesa m'kachubu n'kuidzala kuseri kwa nyumba ndi mphatso yodzadyedwa zaka zambiri, ndipo papaya sachedwa kubereka. Chosayenera ndi chimodzi: mkungudza wa m'phiri. Timabokosi tonunkhira topangidwa ndi mkungudza timakopa maso, koma mtengo umenewu, womwe ndi mtengo wa fuko ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mwana wofuna kusema apatsidwe bulugama kapena nsungwi.

Ana aang'ono, a Sitandade 2 kapena 3, sangagwire chikwanje. Iwo ali ndi pensulo. Kalata yolembedwa pa pepala lothothola m'kope, yongoti “Amayi, zikomo potilera,” ndi chithunzi cha nyumba yawo pansi pake, imasungidwa m'Baibulo kapena m'sutikesi zaka zambiri. Mayi amene sadapite patali ndi sukulu, mwana amuwerengere yekha mokweza. Pamenepo mayiyo amamvanso kumene ndalama za yunifolomu ndi makope zidapita. Ndipo pa tsiku lenilenilo, ana okulirapo akadzuka n'kutunga madzi, kuphika thobwa, kukazinga zitumbuwa ndi kutereka mpunga, n'kunena kuti “Amayi, lero khalani pa mkeka,” apereka chinthu chimene pa msika sichigulitsidwa.

Komatu mwana sapanga zimenezi popanda wamkulu, ndipo apa ndi pamene mudzi uyenera kudzifunsa. Pa chikamwini, amalume ndiwo eni mbumba. Malume amene amangoonekera pa maliro ndi pa milandu ya ukwati angathe kupatula madzulo awiri kuphunzitsa mwana wa mlongo wake kusema mthiko, kumubwereka mpeni ndi kuyang'anira kuti asadziteme. Udindo umene bambo amachita kuseri m'mabanja ena, kuno ndi wa malume, azakhali kapena agogo. Aphunzitsi nawo ali ndi phunziro la Expressive Arts ku pulayimale, lomwe kawirikawiri limathera pa bolodi chifukwa chosowa zipangizo, chonsecho nsungwi, dothi ndi zigamba zili ponseponse. Masabata omaliza a teremu, mayeso atatha, ana amangosewera pabwalo. Aphunzitsi a Sande sukulu, amene amathera December akukonzekeretsa sewero la abusa ndi angelo, angawonjezepo tsiku limodzi la ntchito zamanja, ndipo posanena kuti “mukapatse amayi ndi abambo anu” angapewe kukhumudwitsa mwana amene ali ndi mmodzi yekha, kapena agogo basi.

Abambo olera okha ana alipo, ngakhale satchulidwa kawirikawiri. Mwamuna woferedwa amene watsala pa mudzi wa mkazi wake amakhala ngati mlendo, ndipo kawirikawiri sayembekezera mphatso kwa aliyense. Mpini wa khasu wosemedwa bwino, kapena chotsamira cha pa kaliyala kwa bambo wa kabaza, zimamuuza kuti ana akuona.

Ena anganene kuti zonsezi n'kukometsera umphawi, ndipo mawu awo si opanda pake. Mwana wa mayi wayekha amagwira kale ntchito zambiri kuposa anzake, ndiye mphatso isasanduke njira ina yomusenzetsera katundu. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, kotero mwana wopita ku ganyu kuti apeze ndalama ya mphatso walakwiridwa ndi akuluakulu onse omuzungulira. Mthiko wa mwana sufafanizanso ngongole ya bambo amene adachoka. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lililonse liyenera kusamalira mwana wake, kaya ukwati ulipo kaya udatha, ndipo mayi ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti kuti bamboyo azipereka chithandizo. Wa ku Joni amene amatumiza zithunzi pa WhatsApp angathenso kutumiza ndalama ya feteleza pa Mpamba kapena Airtel Money December asanathe, chimanga chisanayambe chikasu.