Kompyuta sinakane Chinyanja, okana ndi ife

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, pali bodza lomwe landitopetsa. Ati Chinyanja n'cha ana a kalasi yoyamba, zikafika pa kompyuta tizilankhula Chingerezi kapena Chipwitikizi basi. Ambiri onena zimenezi sanalembepo ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu.

Ine kuno ku Tete manota a turma yanga ndimawerengera pa R, pulogalamu yaulere ya ziwerengero yomwe Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anapanga ku Auckland, ku New Zealand. Inatulukira poyera mu 1993, chaka chomwe PEBIMO inayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'chigawo chathu chino. Taonani zomwe ndimalemba:

onani <- function(manota) {
  pakati <- mean(manota)
  wakhoza <- pakati >= 10
  return(wakhoza)
}

Mawu a R pamenepa ndi atatu okha: function, mean ndi return. Enawo ndi mayina omwe ndinatchula ndekha. R samva tanthauzo la dzina, kaya ndi Chingerezi kaya Chinyungwe. Dzina limalembedwera munthu.

Anzanga ena amati chinthu chopangidwa m'kati mwa function chimathera momwemo, ndiye dzina lake lilibe ntchito. N'zoona kuti function ikamaliza, "pakati" amasowa, chotuluka ndi chokhacho chomwe return wapereka. Koma mzerewo umatsala, ndipo chaka chamawa audzawerenga mphunzitsi wina. Akapeza x1 ndi x2 n'kuzisokoneza, mwana wopeza 14 pa 20 adzaoneka pa pauta ngati wolephera. Akapeza "wakhoza", safunsa munthu.

Ena amaloza ng' wathu. Inde, mukalemba ng'ombe ngati dzina, R amakana, chifukwa kachizindikiro ako kali ndi ntchito ina kwa iye. Nanga guarda-chuva wa Chipwitikizi? Nayenso amamukana, amayesa mukuchotsera. Ndani anati Chipwitikizi sichiyenera kompyuta chifukwa cha ambulera? Malamulo ake ndi amodzi kwa tonse: dzina liyambe ndi chilembo, lisakhale ndi mpata, ndipo "Pakati" si "pakati".

Choncho tisanamizire makina manyazi athu. Amene mukuphunzira R, chinthu chotsatira chomwe mupange muchitchule m'chilankhulo chomwe ana anu amafunsira mafunso. Mayina omwe mwasankha muwalembe pansipa, tigwirizane amodzi.