MAU A MABALANE: CIRONDA CA POGONA

Abale anga a ku Mbizo, ku Amaveni ndi ku Torwood, sabata ino tikambe za mnzathu amene mwala wamthyola msana mu mgodi. Akaturuka m'cipatala timati wapulumuka, koma mdani wina amamdikira pa mphasa pomwepo, ndiye cironda ca pogona.

Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, pfupa limapanikiza khungu, mwazi suyenda, ndipo mnofu umafa. Mwini wace samva kuwawa, pakuti thupi lace linacita dzanzi. Motero maso athu ndiwo ayenera kumuonera.

Tsiku ndi tsiku yang'anani m'munsi mwa msana, m'ciuno, ku zidendene, m'zigongono ndi ku nkhongo. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, cotero funani pamene pada koposa pena, pakutentha, kapena polimba mukakhudza. Pamenepo cironda cayamba, ngakhale khungu silinang'ambike. Musatikitepo, ndipo asagonereponso kufikira patacira.

Mankhwala oposa onse ndiwo kumtembenuza maora 2 ali onse, usana ndi usiku. M'caka ca 1944 dotolo Ludwig Guttmann anayamba nchito pa cipatala ca Stoke Mandeville ku England, nalamula kuti asilikari othyoka msana azitembenuzidwa cotere. Ambiri anakhala ndi moyo, pamene kale anthu otere ankafa ndi zironda.

Ikani mtsamiro pakati pa maondo ace, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilenjekeke. Nsaru yogonera ikhale youma, yopanda makwinya. Khungu likatseguka, wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mcere supuni yaing'ono 1, akazirala tsukani nao, nimuphimbe ndi nsaru yocapa bwino. Phulusa kapena mafuta a galimoto, iai! Mpatseni nyemba, mazira ndi kapenta kuti mnofu umere. Mukaona mafinya, kununkha, mnofu wakuda, kapena thupi latentha, pitani naye ku cipatala ca Kwekwe tsiku lomwelo, cifukwa cironda cotere cimadya kufikira pa pfupa, ndipo cimapha.

Ambiri a ife tinasiya amai ndi akazi athu ku Malawi ndi ku Tete. Nanga adzamtembenuza ndani? Ine nditi ndife. Gawanani maora monga tigawana mashifiti: wina wa usana, wina wa usiku. Akulu anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Tsalani bwino. Ndine wanu,
Mabalane.