Mawu Ovuta a Chingerezi Asalowezedwe Ngati Nyimbo

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza mng'ono wanga, yemwe ali Fomu 3 pasukulu ina yoyendera kwa Chinsapo, atakhala pakhonde ndi buku la The Pearl lomwe John Steinbeck anatulutsa m'chaka cha 1947. Pambali pake panali kope momwe aphunzitsi anawalembetsa mawu 50 oti aloweze. Liwu loyamba linali avarice, ndipo tanthauzo lomwe anapatsidwa linali cupidity. Nditamufunsa kuti nanga cupidity n'chiyani, anangoseka. Mwanayo anatuluka m'kalasi ndi mawu awiri osawadziwa m'malo mwa limodzi.

Ine ndikuona kuti kaphunzitsidwe kotere n'kolakwika, ndipo si nkhani yocheza. Pamayeso a MSCE, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi.

Katswiri wa ziyankhulo wa ku New Zealand, Paul Nation, anaonetsa m'chaka cha 2006 kuti munthu amawerenga buku la nkhani mosavutika ngati akudziwa mawu 98 mwa 100 alionse, ndipo kuti afike pamenepo ayenera kudziwa magulu a mawu pakati pa 8,000 ndi 9,000. Nanga mwana wa kwa Mgona kapena ku Kawale, amene Chingerezi amachimva m'kalasi mokha ndipo buku amachita kubwerekana ndi anzake, angafike pamenepo poloweza mndandanda? Ayi ndithu. Mawu 50 sangatseke dzenje lalikulu chotere. Chimene aphunzitsi angachite n'kusankha mawu ochepa omwe asenza nkhaniyo.

Mawu ovuta safanana kulemera. Liwu la estuary, lonena za pamene mtsinje wathira m'nyanja, mwana akhoza kulidumpha nkhani n'kumaimvabe. Koma avarice ndiye msana wa buku lonse. Dokotala akukana kuthandiza Coyotito, khanda lolumidwa ndi chinkhanira, chifukwa Kino alibe ndalama. Kino atapeza ngale yaikulu, dokotala yemweyo akubwera yekha kunyumba. Ogula ngale akupangana kuti amudyere masuku pamutu. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti zonsezi ndi umbombo, dyera la ndalama. Nthawi yomweyo anayamba kundisimbira za akatapila a m'dera lathu amene amalanda katundu wa anthu ngongole ikachedwa. Liwu lija silinamuvutenso.

Ndikudziwa zomwe aphunzitsi ena anganene: mayeso amalembedwa m'Chingerezi, choncho kumasulira m'Chichewa kumachititsa ana ulesi. Nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti pali makalasi ena momwe buku lonse limangofotokozedwa m'Chichewa, ana osawerenga ngakhale tsamba limodzi. Zimenezo inenso sindigwirizana nazo. Koma liwu limodzi la Chichewa limatenga kanthawi kochepa kwambiri. Mwana akagwira tanthauzo, abwerere ku Chingerezi, alipeze liwulo m'ndime momwe lili, alitchule mokweza, kenaka apange nalo chiganizo chake chonena za kwawo. Sabata yotsatira akumane nalonso. Ife amene tinapatsidwako chibalo chifukwa choyankhula Chichewa pasukulu tikudziwa kuti chibalocho chinatiphunzitsa kukhala chete, osati Chingerezi.

Chomwe chimandidandaulitsa kwambiri ndi timabuku ta manotsi tomwe ana amagula kapena kutumizirana pa WhatsApp. Mwana akakhumudwa ndi mawu ovuta pa tsamba loyamba, amatseka buku n'kuloweza chidule cholemba munthu wina. Amadziwa kuti Coyotito anafa, koma sanayende naye Kino ulendo wa kumapiri. Zida zothandizira zilipo, monga mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chichewa wa Steven Paas, womwe Oxford inasindikiza m'chaka cha 2016, kungoti m'nyumba zambiri mulibe.

Ndisanabwerere kukoleji, tinafufuta mawu ambiri m'kope muja n'kusiya 12 okha. Pamene ndinkakwera minibasi, mng'ono wanga n'kuti ali pa mutu wachinayi, pomwe Kino akupita kukagulitsa ngale yake.