Ciwindi catsopano cionjeza zaka, koma ife tiyambe ndi kupimitsa

Wodwala hepatitis akaikidwa ciwindi ca munthu wina, angakhale zaka zingati? Yankho lake ndi lolimbitsa mtima. Kumaiko kumene opaleshoni iyi imacitika, pafupifupi odwala 9 pa 10 amatha caka coyamba ali moyo, ndipo pafupifupi 7 pa 10 amapyola zaka 5. Ena amafika zaka 20. Koma ayenera kumwa mankhwala moyo wawo wonse kuti thupi lisakane ciwindico. Wa hepatitis B aonjezapo ena oletsa kacilomboka kubwerera.

Manje tikambe zoona, abale anga. Cipatala ca UTH ku Lusaka cinayamba kuika impso mu 2018, koma wofuna ciwindi ayang'ana ku India kapena ku Johannesburg. Amai ogulitsa kapenta pa msika wa Maramba angazipeze kuti ndalama za ndeke, za opaleshoni, ndi za mankhwala a mwezi ndi mwezi? Ngakhale banja ligulitse nyumba, kaya zingakwane.

Vuto ili si la anthu akutali. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi pa 18 muno m'Zambia ali ndi hepatitis B. Werengani anthu mu minibasi mwakwerayo, pamodzi ndi kondakita. Ambiri amene ali nako kacilomboka sadziwa, cifukwa kamadya ciwindi mwakacetecete kwa zaka zambiri. Maso akayamba cikasu, mimba ndi kutupa, nthawi zambiri ciwindi cimakhala citaonongeka kale. Katemera wa makanda anayamba mu 2005. Ise tinabadwa cakaco cisanafike, ambiri tinaphonya.

Thandizo lili pafupi. Tenofovir, amene alinso m'ma ARV, amagonetsa kacilombo ka hepatitis B, ndipo amene wayamba kumwa msanga angakalambe ndi ciwindi cake cobadwa naco. Hepatitis C imapola ndi mapiritsi a masabata 12.

Ine ndiona kuti Unduna wa Zaumoyo uyenera kuika kupima hepatitis pa mzere umodzi ndi kupima HIV, m'kiliniki iliyonse, makamaka kwa amai apakati, cifukwa mwana angatenge kacilomboka pobadwa. Nanu musadikire boma. Mukapita ku kiliniki ya Maramba kapena ku cipatala cacikulu ca Livingstone, funsani za kupima hepatitis B. Akakupezani nako, tengani akazi anu kapena amuna anu, nawonso akapimidwe. Mowa, makamaka kacasu, muusiyiretu.