Musamuyese mwana ndi mtunda wa mpira

Mu mpira wa ku America muli wosewera mmodzi amene amakhala kunja pafupifupi masewero onse, n'kulowa kwa masekondi ochepa chabe kudzamenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo iwiri ya goli, pamwamba pa mtanda. Amamutcha kicker. Akalowetsa, timu yake imapeza mapointi 3. Akaphonya, anthu saiwala. Scott Norwood wa Buffalo Bills adaphonya pa mayadi 47 mu Super Bowl ya 1991, timu yake n'kugonja 20-19, ndipo nkhaniyo ikadali pakamwa.

Vuto la makolo ndi makochi ambiri a ana a kusekondale kumeneko ndi lokonda mtunda. Adaona Justin Tucker akulowetsa pa mayadi 66 mu 2021, basi mwana wa zaka 15 akumusunthira m'mbuyo tsiku ndi tsiku. Kwa ine uku n'kumuwononga. Mwana akamalimbana ndi mtunda amadzutsa mutu msanga, thupi limapendekera kumbuyo, kamenyedwe kake n'kumasinthasintha. Kuti mpira ufike kutali amayamba kuuulutsa motsika, chonsecho pamasewero enieni kutsogolo kwake kumaima zimphona zitakweza manja.

Ntchito yeniyeni ili pa phazi loponda pansi, lija palibe amene amaliyang'ana. Omenya ambiri amabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kupita chammbali awiri. Mapazi amenewa azikhala ofanana nthawi zonse, ndipo phazi loponda lizitera pambali pa mpira, zala zitaloza kugoli. Likatera patsogolo kapena patali, mpira umapita kwina ngakhale mwendo ukhale wamphamvu bwanji. Lomenyalo likhale lolimba pakakolo, ndipo likhudze mpira ndi fupa la pamwamba pa phazi, chakumunsi pang'ono kwa pakati pake. Mwana ayambe kumenya ataima, kenako ndi sitepe imodzi, pafupi ndi goli. Ayesenso kulunjika mtengo umodzi wokha. Mwendo ukatopa, aleke. Kupitiriza pamenepo n'kuphunzitsa thupi zolakwika, ndiponso minofu ya m'chiuno sichedwa kukokeka.

Pali msampha wina. Kusekondale amaloledwa kukhazika mpira pa kachipangizo kotchedwa tee, kotalika mpaka mainchesi 2, ndipo goli n'lotambalala mafiti 23 ndi mainchesi 4. Kukoleji tee adailetsa mu 1989 pomenyera kugoli, ndipo goli ndi la mafiti 18 ndi mainchesi 6. Mwana amene akulota zokasewera kumeneko ayambe msanga kumenya mpira uli pa udzu.

Asamayeserenso yekha nthawi zonse. Wina amaponya mpira, wina amaugwira n'kuuimika, zingwe zake zitayang'ana kugoli, ndipo zonsezi ndi kumenya komwe zimatenga masekondi pafupifupi 1.3. Anthu atatuwa akapanda kuzolowerana, luso la mwana limangothera pabwalo loyeserera.

Ndipo musamuchotse ku mpira wa miyendo, ngakhale makochi ena amanyinyirika. Kamenyedwe ka chammbali, kofanana ndi ka mpira wa miyendo, adabwera nako ndi Pete Gogolak, wobadwira ku Hungary, amene adalowa Buffalo Bills mu 1964 anzake akumenyabe ndi chala. Brandon Aubrey adatengedwa ndi timu ya mpira wa miyendo ya Toronto FC mu 2017 ngati wotchinga kumbuyo, ndipo adayamba kumenyera Dallas Cowboys mu 2023 ali ndi zaka 28, asanaseweretu mpira wa ku America kukoleji.