Dzina Tikulibisa Polakwika

Mnzathu wina atatisiya kuno ku Joni miyezi yapitayi, tinachita monga mwa nthawi zonse. Uthenga unayenda pa WhatsApp, msungichuma anapereka nambala ya akaunti, ndipo sabata isanathe thupi linanyamuka kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Amalawife pa zovuta sitigona, ndipo zimenezi tizinyadira. Koma m'sabata yomweyo munachitika zinthu ziwiri zomwe zatisowetsa mtendere.

Madzulo aliwonse pagulupu pankabwera mndandanda wa chipepeso: dzina, pambali pake ndalama. Pamwamba panali a R2,000, anthu n'kumawaombera m'manja. Pansi penipeni panali mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba, R50. Tsiku lachitatu mayiyo anatuluka pagulupu. Titawaimbira foni anayankha motsitsa mawu: "Achimwene, ndinachita manyazi. Imene ija inali ya thiransipoti yanga ya sabata." Usiku womwewo nambala yachilendo, yopanda dzina ngakhale chithunzi, inalemba kuti msungichuma wadya ndalama za maliro. Bamboyo anabweretsa malisiti onse, koma mpaka lero ena amamuyang'ana cham'mbali kutchalitchi, ndipo wonenezayo sakudziwika.

Taonani mmene tatembenuzira zinthu. Popereka timafuna dzina limveke. Poneneza m'bale timalibisa. Ambuye Yesu anaphunzitsa zosiyana ndi zimenezi. Pa Mateyu 6 anachenjeza za kuthandiza osauka n'cholinga choti anthu atione, nati zichitike mseri. Pa Mateyu 18 anati wokulakwira umupitire wekha mukambirane awiri, zikakanika utenge mboni, zikakanikanso nkhani ipite ku mpingo. Njira yonseyo munthu amayenda nkhope ili poyera. Ndipo pa Maliko 12, amene Yesu anamuloza pakati pa olemera oponya zambiri anali mayi wamasiye wa timakobidi tiwiri, yemwe pamndandanda wathu akanakhala pamzere womaliza.

Sitikunena kuti aliyense wobisa dzina ndi wamantha kapena wamiseche. Akuluakulu pakati pathu akukumbukira nthawi ya chipani chimodzi, pamene mawu amodzi ankatha kumutengera munthu ku Mikuyu, ndipo timakalata topanda mayina tinkayenda mobisa. Lero m'bale wopanda mapepala amene bwana wake akumubera malipiro, kapena mlongo amene akuzunzidwa m'nyumba, ali ndi chifukwa chomveka chobisira dzina, ndipo ndi udindo wathu kumutchinjiriza. Kubisa dzina ndi chishango cha wofooka pamaso pa wamphamvu. Msungichuma wathu uja alibe apolisi, alibe ndende. Anangodzipereka kusunga ndalama za anzake popanda malipiro.

Tikumbukirenso chomwe chinagwedeza dziko lathu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, mayina awo ali pansi pake, kuyambira Arkiepiskopi James Chiona. Apolisi anawaitana kukawafunsa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko, koma mawuwo analemera chifukwa eni ake anaima nawo, ndipo mu 1993 tinavota pa riferendamu. Ngakhale Nikodemo, amene poyamba anapita kwa Yesu usiku, pa tsiku la maliro a Yesuyo anatulukira ndi zonunkhira pamodzi ndi Yosefe wa ku Arimateya, yemwe anakapempha thupi kwa Pilato pamasom'pamaso.

Wina afunsa kuti, nanga tikasiya mndandanda tidzadziwa bwanji kuti ndalama zafika? Funsolo ndi loona, pakuti ena mwa ife tinapsapo. Komanso kwathu tinazolowera kulengeza chipepeso pasiwa. Yankho lake Paulo analipereka kalekale pa 2 Akorinto 8. Posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu sananyamule thumba yekha. Anatuma Tito pamodzi ndi abale ena, mmodzi wa iwo wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke pomunenera. Nafenso tiwerengetse ndalama kwa anthu atatu osankhidwa ndi gulu, chiwerengero chonse ndi malisiti ziikidwe poyera, ndipo mayina a opereka alembedwe m'kope lopita kwa anamfedwa okha. Choyenera kuwala ndi thumba, osati wopereka.

Pali dzina linanso lofunika kulisunga: la wolandira. Namondwe wa Freddy atakokolola anthu ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera mu Malichi 2023, ambiri a ife tinatumiza zomwe tikanatha, ndipo Mulungu akudalitseni. Koma tinaonanso zithunzi za agogo atawaimika padzuwa, thumba la ufa lili m'manja, kuti ife akunja tikhutire. Agogowo ndi amayi a munthu. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo choika sachiimbira ng'oma.

Ifenso osindikiza nkhani zino, kuyambira kope lino, kalata yoneneza munthu sitidzaisindikiza ngati mkonzi sakudziwa mwini wake. Amene ali pachiopsezo chenicheni tidzamubisa ndife. Ndipo inu amene munalemba uthenga uja usiku, nambala ya msungichuma muli nayo. Muimbireni sabata ino, mumuuze dzina lanu.